Mmene Linga la Makanjira Linagwera

(Mawu amene mnzathu wina wogwira ntchito m'boma analankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu, umene unachitikira kwa Makanjira.)



Komiti itandipempha kuti ndidzalankhule, ndinafunsa mutu wake. Anandiyankha kuti, "Chilichonse, bola zisakhale za ndale kapena za malipiro." Tsono ndasankha za nkhondo. Ndiyambe ndaulula kuti sindine msilikali. Zaka zonse zimene ndagwira m'boma zida zanga zakhala cholembera ndi chidindo. Koma ku yunivesite ndinaphunzira mbiri yakale, ndipo funso lina linandikola kuyambira pamenepo: kodi adani akadzitchinga m'linga lolimba, amagonjetsedwa bwanji? Mabuku ambiri amayankha funsoli ndi nkhani za ku France. Ife tisapite kutali, popeza pagombe lino nkhondo yotere inamenyedwa zaka zinayi, kuyambira 1891 mpaka 1895.

Mfumu Makanjira ya masiku amenewo inali imodzi mwa mafumu amphamvu kwambiri a Ayao. Inali ndi zombo zamatanga zimene zinkaoloka nyanja kukatenga minyanga ya njovu ndi akapolo kutsidya la ku Salima. Katundu ameneyu ankayenda ulendo wapansi mpaka kugombe la nyanja yamchere, ndipo pobwerera amtengatenga ankasenza nsalu, mfuti ndi onga. Tisabisane, anzanga: chuma chimenecho chinali cha kugulitsa anthu. Ena mwa ife ndife zidzukulu za ogulitsawo, ena za ogulitsidwawo, ndipo ambiri ndife zidzukulu za onse awiri. Komanso Harry Johnston, amene anafika mu 1891 kudzakhazikitsa boma la Angerezi, sanabwere kudzangomasula akapolo ayi. Ankafuna dziko, msonkho ndi ulamuliro wa panyanja.

Ndikati linga la Makanjira musaganize za khoma lalitali la njerwa. Linga lake lenileni linali malo ano. Kutsogolo kuli nyanja yosaya, ya mchenga ndi bango, moti sitima singafike pafupi. Msilikali ayenera kutsika n'kuyenda m'madzi, mfuti atanyamula m'mwamba, pamene mnzake akumuonera bwinobwino ali pathengo. Kumbuyo kuli mapiri opita ku Mozambique, kothawira zinthu zikavuta. Ndipo pakati pake panali njira ya malonda yobweretsa onga. Inu amene mwabwera dzulo pa msewu wochokera ku Mangochi mwaona nokha kuti ngakhale lero kufika kuno si masewera.

Johnston anabwera ndi Kaputeni Cecil Maguire ndi asilikali achimwenye pafupifupi 70, ambiri mwa iwo a mtundu wa Sikh. Mu Okutobala 1891 anamanga Fort Johnston moyang'anana ndi mudzi wa Mponda, ndipo atachoka apo anakwera sitima ya kampani ya Mandala yotchedwa Domira kulinga kuno. Anaomba mzinga ali panyanja, anatsika, anatentha mudzi ndi kuwononga zombo zina, kenaka anakwera sitima n'kubwerera. Iwo anayesa apambana. Koma chimene anatentha chinali udzu ndi mitengo. Anthu ndi mfuti zawo anali atalowa kumtunda, ndipo utsi utangozilala anatsikanso.

Pakati pa Disembala chaka chomwecho, Maguire anamva kuti zombo ziwiri zabisidwa pagombe lina chakumpoto kwa mudziwo. Anapita ndi asilikali ochepa pa Domira yomweyo, natsika kuyenda m'madzi kuti akazitenthe. Ankhondo a Makanjira anali akudikira. Mphepo inayamba, mafunde anakula, ndipo Maguire anaomberedwa ali m'madzi pobwerera ku sitima. Domira nayo inatitimira pamchenga masiku angapo. Dokotala Boyce ndi injiniya McEwan, amene anatsika kuti akakambirane za mtembo wa Maguire, anaphedwa. Onani tsono: munthu amene anatentha mudzi wonse anafera zombo ziwiri, chifukwa anakhulupirira uthenga umene sanaufufuze, ndipo analowa pamalo pamene mwini dziko anamusankhira.

Pasanathe miyezi itatu, mu Febuluwale 1892, gulu lina la boma linakwera phiri la Mangochi kukamenya Mfumu Jalasi, amene Angerezi ankamulemba kuti Zarafi. Anakwera molunjika, anthu a Jalasi ali pamwamba kuseri kwa miyala. Anabwezedwa, ndipo anathawa kusiya mzinga wawo m'manja mwa Jalasi.

Zoterezi zinali zitachitika kale kumpoto. Ku Karonga, Mlozi ndi anzake anamanga malinga a mitengo yomatidwa dothi, okhala ndi timabowo toomberapo. Mu Juni 1888 Frederick Lugard, yemwe uja anadzalamulira Nigeria, anathamangira linga la Kopakopa ndipo chipolopolo chinamupyoza manja onse awiri. Atabweretsa mzinga, zipolopolo zake zinkangoboola dothi n'kudutsa, khoma osagwa. Ndimakumbukira nkhani imeneyi ndikamawerenga za nkhondo ya pa mtsinje wa Somme mu 1916. Angerezi anaomba mizinga sabata yathunthu, zipolopolo zopitirira miliyoni imodzi ndi theka, poganiza kuti waya waminga ndi ngalande za Ajeremani zatheratu. Ajeremani anali atabisala m'zipinda zakuya pansi pa nthaka. Mizinga italeka anatuluka ndi mfuti zawo zachiwaya, ndipo pa 1 Julaye pokha asilikali a Britain oposa 57,000 anaphedwa kapena kuvulala. Kukula kwa nkhondo n'kosiyana, koma kulakwa kwake n'kumodzi: kuyesa kuti phokoso la mzinga ndiye chigonjetso.

Nanga chinasintha n'chiyani kuno kwathu? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa yankho lake ndi lozizira, lofanana ndi ntchito za muofesi. Choyamba Johnston anafunafuna ndalama, ndipo Cecil Rhodes anapereka mapaundi 10,000 a nkhondo yolimbana ndi Makanjira. Anaitanitsa asilikali ena ku India. Analemba ntchito Atonga a ku Nkhata Bay ndi Amakua a ku Mozambique, moti tikamati "Angerezi anagonjetsa Makanjira" tizikumbukira kuti ambiri mwa amene ankasenza mfuti ndi katundu anali anthu akuda. Koma chachikulu chinali sitima ziwiri zankhondo, Pioneer ndi Adventure, zimene anazinyamula zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire n'kuzilumikiza, ndipo zinayamba kuyenda panyanja mu 1893. Kuyambira pamenepo chombo chamatanga sichikanaolokanso mwaufulu. Popanda kuoloka palibe minyanga kapena akapolo, popanda zimenezi palibe onga, ndipo mfuti ya gogodera yopanda onga ndi ndodo chabe. Linga linayamba kugwa pamenepo, munthu asanalikhudze. (Ndingodutsirapo: mzinga uja uli pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi sunamenye nawo nkhondoyi, monga ena amanenera. Ndi wa sitima ya Guendolen, imene inabwera nkhondo ya Makanjira itatha kale.)

Mu Novembala 1893 anabweranso, sitima zikuomba kuchokera panyanja pamene asilikali akutsika. Ulendo uno sanachoke. Anamanga linga lawo pagombe n'kulitcha Fort Maguire. Taonani mmene zinthu zinatembenukira: tsopano amene anayenera kuthyola linga anali Makanjira. Mu Januwale 1894 anatsika kumapiri ndi ankhondo amene zolemba za Angerezi zimati anali ngati 2,000, nalimbana ndi asilikali a Edwards, koma anabwezedwa atataya anthu ambiri. Kulimba mtima anali nako kokwanira. Analibe mzinga, analibe sitima, ndipo mfuti yothira onga kukamwa siingapikisane ndi mfuti yoikira chipolopolo kumbuyo pamalo oyera.

Ngakhale zinali choncho, anakhalabe m'mapiri chaka china ndi miyezi. Mapeto anafika mu 1895, pamene Edwards anatenga mafumu mmodzimmodzi. Mu Okutobala analanda phiri la Jalasi, napezanso mzinga uja unatayika. Mu Novembala anatsata Makanjira kumapiri komweko, ndipo mfumuyo inaolokera m'dziko la Apwitikizi. Mwezi womwewo Johnston anabwereka sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kunyamula asilikali ndi mizinga kupita ku Karonga. Mu Disembala anazinga linga la Mlozi mbali zonse, analiomba masiku awiri, nalilowa. Mlozi anapachikidwa. Linga limene linakana kugwa kuyambira 1888 linatha m'masiku owerengeka, chifukwa nthawi iyi kunalibe kothawira kapena kolowera thandizo.

Akatswiri a nkhondo za makono ali ndi mayina aatali a zimenezi, koma mfundo zake sizinasinthe kwenikweni. Mu 1918 mzere wa Hindenburg unathyoka pamene mizinga, akasinja, ndege ndi asilikali apansi anaphunzira kuyendera limodzi, mzinga ukugwa patsogolo pang'ono pa asilikali kuti mdani asadzutse mutu. Mu 1940 Ajeremani sanataye mphamvu zawo pa mzere wa Maginot. Anadzera m'nkhalango ya Ardennes n'kuoloka mtsinje wa Meuse pa Sedan. Imene imandisangalatsa ine ndi ya pa 6 Okutobala 1973. Aisraeli anali ataunjika khoma lalitali la mchenga m'mbali mwa ngalande ya Suez, ndipo Aigupto analigumula ndi mapampu a madzi, kukokolola mchengawo monga mvula ikokololera mzere wa m'munda. Koma musaganize kuti nzeru yokha imakwanira. Mu 2023 asilikali a Ukraine, ali ndi akasinja atsopano, anakanika kupyola mizere ya Russia chakumwera, chifukwa cha mabomba okwirira ochuluka ndiponso tindege topanda oyendetsa timene timaona chilichonse choyenda pansi. Wobisala akamakuona iwe usanamuone, uli m'madzi a Maguire aja.

Mwina wina afunsa kuti ine ndili mbali iti. Ndimakondwa kuti malonda a akapolo anatha. Ndani angalire zombo zimene zinkaolotsa ana omangidwa? Koma sindivomereza zimene tinkawerenga m'mabuku akale, zoti mafumu a kuno anali achifwamba osadziwa nkhondo. Munthu amene anaimitsa boma la Britain zaka zinayi, napha mkulu wa asilikali ake, ankadziwa nyanja yake ndi mapiri ake. Ndipo patangopita zaka zochepa, ana a ankhondo omwewo ndi amene anadzaza gulu la King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa mu 1902. Amene anawagonjetsa anadziwa bwino mtundu wa anthu amene analimbana nawo.

Zotsalira za Fort Maguire zikadalipo chakumpoto kwa kuno, ngakhale thengo lazikuta. Ndapempha Bambo Wapampando kuti mawa m'mawa, tisanabalalike, amene angathe tikaone malowo pamodzi ndi ana a Folomu 3 ndi mphunzitsi wawo wa mbiri yakale. Tikayambe tapempha chilolezo kwa mafumu, ndipo tikatenge akuluakulu awiri kapena atatu a m'mudzi, chifukwa zonse ndanenazi zachokera m'mabuku a opambana, ndipo ndikufuna anawo akamvenso za mbali inayo. Za mafuta a galimoto tikambirana ndi msungichuma tikatha kudya.