Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira labotale ya sayansi pasukulu ya sekondale ku Chisepo



Pondionetsa zipangizo m'labotalemu ndaona maginito ndi botolo la tizitsulo toperapera. Ndilankhule za zimenezi.

Pano palibe amene sadziwa munthu wodwala shuga. Ena amadzibaya jakisoni wa insulin m'mawa ndi madzulo, ndipo poti kunyumba kulibe firiji, kabotolo ka mankhwalako amakasunga mumphika wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa.

M'chaka cha 2012, Sarah Stanley, Jeffrey Friedman ndi anzawo ku Rockefeller University mumzinda wa New York anaonetsa njira yodabwitsa yotsitsira shuga pogwiritsa ntchito mphamvu ya maginito. Anatenga tizidutswa ta chitsulo tating'onoting'ono, toti ngakhale mutandanditsa 1,000 situngafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Anatimamatiza pa kakhomo ka selo kotchedwa TRPV1, kamene kamatseguka kukatentha. Ndi komweko kamene kamatimvetsa moto tikaluma kambuzi. Atayatsa makina otulutsa mphamvu ya maginito, tizitsulo tija tinafunda, kakhomo kanatseguka, kashiamu analowa, ndipo chigawo cha DNA cholamula kupanga insulin chinadzuka. Mbewa zimene anaziika maselo otere shuga wake anatsika, makinawo ali kunja kwa thupi.

Makolo, mundimvetse bwino. Izi zinachitika pa mbewa, osati pa anthu. Wodwala shuga asasiye mankhwala, ndipo wina akabwera pamsika ndi chibangili cha maginito nati chimachiza shuga, musamupatse ndalama zanu.

Kwathu kuno maginito anayamba kale kutithandiza. Makina a MRI amene anafika kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre mu 2008 ndiwo anaonetsa madokotala kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amakhala atatupa ubongo.

Choncho pempho langa likupita kwa inu aphunzitsi. Zipangizozi musazitsekere m'kabati kudikira tsiku la mayeso. Mwana wa Fomu 1 awaze yekha tizitsuloto papepala, ayendetse maginito kunsi kwake, aone tikuimirira m'mizere, afunse chifukwa chake. Atsikana agwire nawo, asamangolembera anyamata zotsatira. Chikasweka china, a komiti tidzakhala pansi tione pogula chinzake.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti labotaleyi yatsegulidwa.