Kukhala pansi ndi phungu si misala

Andipempha kuti ndinene za uphungu, kuja munthu amakhala pansi ndi phungu n'kumakambirana zimene zikumusautsa mumtima. Ena mumati n'za amisala. Ena mumafunsa kuti, "Kodi kulankhula kungandipatse ufa?" Ayi, ufa sikungakupatseni. Inenso ndinkafunsa choncho.

Nditangofika pamsasa pano ndinkakalipira ana anga madzulo aliwonse. Mwana akangogwetsa mbale, mtima unkagunda, manja kunjenjemera, kenako mbama. Ndinkati ndi chibadwa changa, ndine waukali basi. Akazi anga ndi amene anandikakamiza kupita, ndipo ndinapita monyinyirika. Phunguyo sanandidzudzule, sanandiuzenso zochita. Anangondifunsa kuti zimachitika nthawi yanji, ndiponso ndimamva chiyani m'thupi ndisanakalipe. Ndinatha sabata ndikudzimvetsera. Ndinapeza kuti nthawi zonse kumakhala kuli chisisira, nthawi imene anthu amfuti analowa m'mudzi mwathu. Phokoso la mbale linkandibwezera ku tsiku limenelo, mwana n'kulandira mbama ya zinthu zimene sanachite.

Mantha sanathe tsiku lomwelo. Koma ndinali nditadziwa chimene ndikulimbana nacho. Ndinaphunzira kupuma pang'onopang'ono, kukokera mpweya mpaka m'mimba, mtima ukayamba kuthamanga. Tinagwirizana ndi akazi anga kuti kukamada ndizituluka panja kaye. Pano ndimakalipabe nthawi zina, sindinama, koma wamng'ono uja anasiya kubisala ndikamalowa m'nyumba.

Njirayi sinabwere kudzera kwa azungu okha. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene akudwala chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linatulutsanso mu 2016 njira yotchedwa Problem Management Plus, yokumana kasanu, kamodzi pa sabata, yopangidwira anthu amene adutsa m'mavuto ngati athuwa.

M'njira zimenezi chimene chimandisangalatsa n'chakuti mumasiyanitsa mavuto. Pali amene simungawasinthe lero, monga tsiku limene mapepala anu adzayankhidwe. Pali ena amene mungawagwire ndi manja: denga lodontha, mkangano wa pamjigo, kusiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti chifukwa simukufuna kuonana ndi anthu. Mumasankha limodzi lokha, laling'ono, inuyo n'kupeza chochita, sabata yotsatira n'kudzanena mmene zayendera. Phungu sakusankhirani.

Abambo anzanga, ndikudziwa timaopa kuti nkhani zathu zimveka pamsasa ponse. Phungu wophunzitsidwa amasunga chinsinsi. Amauza ena pokhapokha moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi, ndipo zimenezi amakufotokozerani poyamba pomwe. Simukakamizidwanso kufotokoza zonse zimene munaona kwanu. Mutha kuyambira pa kusowa tulo.

Ngati alipo pano amene akuganiza zodzipha, kapena mukudziwa wina amene walankhulapo zotere, musadikire sabata yamawa. Pitani kuchipatala lero lomwe, kapena mundipeze tikamaliza, tipitire limodzi.