Tsiku la Anakubala M'kalasi la Ana Aang'ono

 Nkhani yathu ya lero yagona pa boma la Rumphi, koma zimene tikambe zikukhudza sukulu iliyonse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Tikufuna kuona m'mene mphunzitsi angagwiritsire ntchito Tsiku la Anakubala pophunzitsa ana kulankhula, kulemba, masamu ndi luso la manja, popanda mwana ngakhale mmodzi wobwerera kwawo ndi misozi.

Tsiku la Anakubala ndi la tchuthi m'dziko muno, ndipo limakhalako pa 15 Okutobala chaka chilichonse. M'nthaŵi ya Dr H. Kamuzu Banda linkachitika pa 17 Okutobala. Pa 15 Okutobala ndi pomwenso bungwe la United Nations linasankha m'chaka cha 2007 kuti dziko lonse lapansi lizikumbukira amayi a kumidzi. Maiko ena ali ndi masiku awoawo. Ku America mwambowu unayamba ndi Anna Jarvis, amene mu 1908 anakonza mapemphero okumbukira mayi ake m'tauni ya Grafton, ndipo mu 1914 Pulezidenti Woodrow Wilson analengeza kuti tsikuli lizikhala Lamulungu lachiŵiri la mwezi wa Meyi. Chomvetsa chisoni nchakuti Jarvis yemweyo anathera zaka zambiri za moyo wake akulimbana ndi amalonda amene anasandutsa tsikulo msika wa makhadi ndi maluŵa. Iye ankafuna kuti mwana azilembera mayi ake kalata ndi dzanja lake. Kwathu kuno mphatso yotchuka ya tsikuli ndi chitenje, ndipo nchinthu chabwino kwa amene ali pantchito. Koma mwana wa zaka 6 alibe ndalama ya chitenje. Chimene ali nacho ndi pakamwa, manja ndi mtima, ndipo izi nzimene mphunzitsi ayenera kugwirirapo.

Taonani m'mene tsikuli lakhalira pamalo abwino m'chaka cha sukulu. Sukulu zimatsegulira mu Seputembala, choncho pofika pakati pa Okutobala mwana wa Sitandade 1 amakhala atangotha milungu yoŵerengeka m'kalasi. Amakhala akadali wamanyazi, ndipo m'boma la Rumphi amakhalanso akulimbana ndi chinenero, pakuti kunyumba amalankhula Chitumbuka pamene mabuku ake ali m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi. Mwana wotere mukamufunsa za zinthu zimene sanazionepo amangoŵerama. Koma mukamufunsa za munthu amene amamuphikira phala, lilime limamasuka lokha. Popeza tsiku lenilenilo ana amakhala pa tchuthi, zonse zimene tikambe zichitike m'masiku atatu kapena anayi tsikulo lisanafike.

Tisanaloŵe m'zochita, pali chenjezo limene tiyenera kulitchula poyera. Si mwana aliyense m'kalasi mwanu amene ali ndi mayi womubala pakhomo. Ena mayi awo anamwalira. Ena mayi awo ali ku ntchito ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Ndiponso pamwambo wa Atumbuka, ukwati ukatha ana kaŵirikaŵiri amatsala kuchimuna, kumene amaleredwa ndi agogo, ankhazi kapena mayi owapeza. Mphunzitsi akangoima kutsogolo nkunena kuti aliyense ajambule mayi ake, ana ameneŵa amakhala chete pamene anzawo akusekerera, ndipo tsiku la chikondi limawasandukira tsiku la chilonda. Choncho funso loyamba lisakhale lakuti, “Mayi ako ndani?” Likhale lakuti, “Ndani amakusamala kunyumba?” Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayi aliyense amene watsatira mawu ameneŵa polera mwana wosabala yekha ayenera ulemu wa tsikuli. Gulu la amayi la pasukulu lingakuthandizeni kudziŵiratu ana amene afunika kuwayendera mosamala.

Tsiku loyamba likhale la kucheza. Khazikani ana m'magulu a anthu 6 kapena 8, pansi pa mtengo ngati m'kalasi mwatentha, pakuti Okutobala wa m'chigwa cha Henga ndi wa kunyanja sachita chibwana. Mwana aliyense atchule womusamala ndi ntchito imodzi imene munthuyo amamuchitira. Aloleni ayambe m'Chitumbuka. Akanena kuti “amama”, inu muwapatse “amayi”. Akanena kuti “chitemwa”, muwapatse “chikondi”. Akanena kuti “yewo”, muwapatse “zikomo”. Potero mwana amaona kuti chinenero cha kwawo sichinatsale pakhomo la kalasi, ndipo mawu atsopano amakhazikika pamwamba pa mawu amene akuwadziŵa kale.

Tsiku lachiŵiri likhale la kulemba. Liwu lakuti “amama” ndi mphatso kwa mphunzitsi wa ku Rumphi, chifukwa lili ndi malembo asanu koma amitundu iŵiri yokha, “a” ndi “m”. Mwana amene sanazoloŵere pensulo angalilembe ndi chala pamchenga, kenako ndi kamtengo pansi, kenako nkuumba malembowo ndi dongo. Woleredwa ndi agogo alembe “agogo”, limenenso nlosavuta. Ambiri mwa ana ameneŵa limeneli lidzakhala liwu loyamba kulilemba lathunthu, ndipo sadzaliiŵala. A Sitandade 2 alembe chiganizo chimodzi choyamba ndi “Zikomo chifukwa”. A Sitandade 3 ndi 4 alembe kalata yaifupi yokhala ndi keyala, tsiku, malonje ndi dzina pamapeto. Amene mayi ake ali kutali alembenso, ndipo kalatayo aisunge kapena aiŵerenge pa lamya.

Masamu nawo aloŵe, ndipo apa ndi pamene ana amatsegulidwa maso. Apatseni timiyala, zitsekero za mabotolo kapena nthanga, ndipo aziika kamwala kamodzi pa ntchito iliyonse imene wowasamala amagwira kuyambira m'bandakucha: kusesa, kutunga madzi, kusonkha moto, kuphika, kupita kumunda, kuchapa, kusambitsa khanda. Ana a Sitandade 1 aŵerenge timiyalato. Okulirapo achite kuchulukitsa. Ndowa ya malita 20 ikatungidwa katatu patsiku ndi malita 60, ndipo pa mlungu ndi malita 420. Auzeninso kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero kuti ndowa yodzaza imalemera pafupifupi ngati mwana wa zaka 6. Mwana akamva kuti mayi ake amasenza kulemera konga kwa iye mwini katatu patsiku kuchokera ku mjigo, sasoŵanso womuuza tanthauzo la kuthokoza.

Tsiku lachitatu likhale la manja. Boma la Rumphi lili ndi mbiri yakale pankhaniyi. Pamene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun inkaphunzitsa mabuku pamodzi ndi ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza, chifukwa ankakhulupirira kuti mutu ndi manja ziyenera kukulira limodzi. Bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi nalonso lakhala likulimbikitsa aphunzitsi kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo. Ana a ku Bolero, Mhuju ndi Hewe ali ndi makoko a chimanga, zitsononkho ndi udzu wa tsache. A ku Chitimba, Chiweta ndi Mlowe ali ndi zigoba za nkhono ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja. A m'mapiri a Phoka ndi ku Nchenachena ali ndi ulusi wa nthochi. Kuchokera m'zimenezi mungatuluke mkanda wa nthanga, kambale ka dongo, katsache kosesera, kapena khadi la katoni yakale lomatidwa ndi phala la ufa wa chinangwa. Utoto upezeke ku makala, ku dothi lofiira ndi ku masamba osinja. Mpeni ndi singano zikhale m'manja mwa mphunzitsi yekha. Inu a sukulu zoyandikana ndi Vwaza ndi Nyika, musatume ana kukatola zinthu m'nkhalango zotetezedwa, pakuti nkulakwira lamulo ndiponso muli nyama zoopsa. Koposa zonse, musauze mwana kubwera ndi ndalama kapena chinthu chogula. Mukatero mwagaŵa kalasi lanu paŵiri, olemera uku osauka uku.

Tsiku lomaliza itanani agogo mmodzi kapena aŵiri a m'mudzi kuti adzakambe vidokoni, zimene ife ena timati nthano, ndipo ana ayankhe ndi kuimba nawo. Pambuyo pake ana achite kasewero ka ntchito za pakhomo. Pogaŵa mbali, anyamata nawonso asenze ndowa ndi kubereka chidole kumbuyo. Ena adzaseka, koma m'mera mpoyamba: mnyamata amene waphunzira ali wamng'ono kuti kutsuka mbale sikuchotsa ulemu adzakhala mwamuna wopeputsa katundu wa mkazi wake. Potsiriza mwana aliyense alonjeze ntchito imodzi yolingana ndi msinkhu wake imene adzagwire pa 15 Okutobala, monga kusesa pabwalo kapena kutsekera nkhuku. Akadzabwerako ku tchuthi, muwafunse m'mene zinayendera, ndipo limenelo ndi phunziro linanso la kulankhula.

Ena mwa inu mufunsa za 14 Febuluwale, tsiku la Valentine, limene lafala m'matauni mwathu ndi zovala zofiira. Kuno ambiri amalitenga ngati la zibwenzi, choncho makolo sangakondwe kulimva m'kalasi la ana. Komabe m'sukulu zambiri za ku America ana aang'ono amapatsana timakhadi ta ubwenzi patsikuli, ndipo aphunzitsi amalimbikitsa kuti wobweretsa makhadi abweretsere kalasi lonse kuti pasakhale wotsalira. Mfundo imeneyo njoyenera kuitola. Chikondi chimene chiphunzitsidwa m'kalasi chiyenera kufikira mwana aliyense, wovala nsapato ndi wopanda nsapato yemwe.

Kwa inu makolo, mawu athu ndi aŵa. Mwana akabwera ndi kambale kokhota kapena pepala la malembo opendama, musaliponye pamoto ndipo musaseke. Lilandireni ndi manja aŵiri, mumufunse kuti akuŵerengereni zimene walemba, ndipo mulisomeke pamalo ooneka. Ngakhale inu amene simunapite kusukulu, kumvetsera kwanu kokha kumamuuza mwanayo kuti kulemba kuli ndi phindu. Akuluakulu anati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ifenso tinganene kuti mphatso ya mwana isaonedwe kuchepa mtengo.

Inu aphunzitsi, yambani kusonkhanitsa makatoni, dongo ndi nthanga sukulu zikangotsegulira, ndipo kambiranani ndi aphunzitsi aakulu ndi komiti ya sukulu nthaŵi ikadalipo.