Mphiri ikaluma, musamange mwendo

Nkhaniyi ndi ya inu nonse otimvera ku Chikwawa, ku Nsanje, ndi kutsidya kwa Shire ku Makhanga ndi ku Muona. Madzi akasefukira, monga tidaonera ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, njoka nazo zimathawira kumtunda komwe ife tathawira: m'nkhokwe, m'milu ya nkhuni, pansi pa mphasa. Mauthenga anu sabata ino ndi a njoka okhaokha, ndipo ambiri akuti, "tinathamangira kumumanga wolumidwayo ndi labala wa njinga." Amayi ndi abambo, labalayo ndiye akutidulitsa miyendo.

Mu ululu wa mphiri muli ma enzaimu odula mapuloteni, omwe amagwiriziza mnofu, khungu ndi mitsempha ya magazi. Ine ndimawatcha tizikwanje, ngati zikwanje za odula nzimbe ku Nchalo. Thupi lanunso lili nato take. Selo likamagawikana kuti pakhale awiri, timizere tonyamula chibadwa timakhala tomangidwa tiwiritiwiri, ndipo enzaimu yotchedwa separase ndi imene imadula chomangiracho nthawi ikakwana. Mwana ali m'mimba zala zake zimayamba zogwirana, ndipo ma enzaimu otchedwa caspase amathandiza kuchotsa maselo a pakati pake. Koma tizikwanje ta m'thupi tili ndi kapitawo: timadula pomwe tauzidwa, kenako n'kuleka. Ta mphiri tilibe kapitawo. Timang'amba timitsempha ta magazi, magazi n'kumachucha m'kati, mwendo n'kutupa, matuza n'kutuluka, mnofu n'kuyamba kuwola.

Tsono inu mwamanga labala pamwamba pa bala. Mwatani? Odula nzimbe aja mwawatsekera m'munda umodzi, ndipo adzausesa wonse. Pamwamba pa apo mwatsekanso magazi, chonsecho mnofu wosalandira magazi umafa pa maola ochepa chabe, ngakhale popanda njoka. Munthu wochokera ku Makhanga pa bwato, pomafika kuchipatala phazi lachita bii. Njoka idayamba, labala n'kumaliza.

Ndimati ndipitirire, koma ndikumva wina ku Bangula akuti, "Agogo athu adamangidwa, adatemedwa mphini, n'kuchira." Inde adachira, sindikutsutsa. Koma njoka zambiri za kuno zilibe ululu wakupha, ndipo ngakhale yaululu nthawi zina imaluma osathira kanthu. Agogowo akadachira ndithu popanda lumo. Yesani mphinizo pa munthu amene mphiri yamuthira ululu: magazi ake akuvutika kale kuundana, inu n'kumawatsegulira njira zina zotulukira. Kuyamwa balalo, mwala wakuda, palafini, zonsezi sizifika kumene tizikwanje tikudula. Zimangodya nthawi. Bungwe la WHO, lomwe mu 2017 lidaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa, limaletsa kumanga mothina, kutema ndi kuyamwa.

Chochita n'chochepa. Muchotseni wolumidwayo pomwe pali njokayo, ndipo musataye nthawi kuisaka. Vulani mphete, zibangili ndi nsapato kutupa kusanayambe. Ikani kathabwa kapena ndodo m'mbali mwa mwendo, n'kukulunga ndi chitenje momasuka, kuti mwendo usamagwedezeke. Chala chanu chizilowa pansi pa chitenjecho. Asayende yekha, munyamuleni pa njinga, pa ngolo kapena pa bwato. Kupweteka kukakula m'patseni Panado, osati aspirin kapena Brufen, chifukwa awa amawonjezera kutaya magazi. Kachasu ayi.

Chimene chimaimitsa tizikwanje tija ndi mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka operekedwa mumtsempha, ndipo amafuna achipatala omuyang'anira wodwala. Pitani ku chipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya Trinity ku Muona, Montfort ku Nchalo, kapena cha boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje; kukafunika adzakutumizani ku Queens ku Blantyre. Ngati mwamanga kale ndipo papita nthawi yaitali, musamasule mwadzidzidzi panjira. Auzeni achipatala ola limene munamanga, amasule okha.