KODI OLOSERA ZA NYENGO NGOKHULUPIRIKA?

Nkhani ya alimi ya sabata lino iri pa funso limene limamveka kawirikawiri m'misonkhano ya m'midzi: kodi anthu a m'maofesi angadziwe bwanji za mvula ya zaka zirinkudza, pamene ya mawa lomwe imawaphonya?

Wofunsa cotero asayesedwe mbuli. Akuluakulu akumbukira caka ca 1997, pamene kunalengezedwa kuti madzi a m'nyanja yaikuru ya Pacific afunda koposa, cinthu cochedwa El Niño, ndi kuti cifukwa ca ico cilala coopsa cikhoza kugwa kuno kum'mwera kwa Africa. Alimi ena anacepetsa minda yao. Koma cilalaco sicinafike monga anacinenera, ndipo m'madera ambiri mvula inagwa yokwanira. Munthu amene nkhokwe yace inakhala yosadzaza cifukwa ca kumvera cenjezo saiwala msanga.

Tsono kulosera kumeneku sikucokera ku ula ai. Akatswiri amagawa mlengalenga ndi nyanja m'zigawo zonga mabokosi, nauza makina ochedwa kompyuta za kutentha, mphepo ndi cinyontho ca m'bokosi liri lonse. Pamenepo makinawo amawerengera zimene zidzatsatira. Bvuto nlakuti, powerengera za zaka zambiri m'tsogolo, bokosi limodzi lotere likhoza kukula kucokera ku Chipata kufika ku Katete. Mtambo wa mabingu umene umakhuthula mvula pa munda wa munthu mmodzi, nusiya munda wa mnansi wace uli gwa, ngwaung'ono kwambiri kwakuti makinawo sauona bwino. Ndico cifukwa cace pa nkhani ya mvula makina a m'maiko osiyanasiyana amatsutsana, makamaka kunena za kumpoto kwa Zambia.

Pa za kutentha mpamene sanaphonye. Ananena kalekale kuti utsi wa malasha ndi mafuta udzafunditsa dziko lonse, ndipo cacitikadi: caka ca 2024 cinatentha kuposa zaka zonse zam'mbuyo mwace ciyambire kulembedwa kwa miyeso. Kwa mlimi, dzuwa loonjezeka litanthauza nthaka youma msanga, ngakhale mvula itagwa monga kale.

Wokumbukira 1997 akumbukirenso 2023. Cenjezo la El Niño linaperekedwa mbeu zisanabzalidwe, ndipo ulendo uwu linakwaniridwa. Mvula inadula mu January ndi February 2024, cimanga cirikumasula ngaiyaye. Pa 29 February Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala a cimanga okwana ngati 1,000,000 anali ataonongeka. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi nasowa m'matauni.

Kotero a Dipatimenti ya Zanyengo akanena kuti mvula ikhoza kucepa, sakulonjeza cilala. Akungoti caka cotere cimapendekera ku cilala kawirikawiri kuposa zaka zina. Mlimi womva mau otere asasiye kulima, kapena kucepetsa munda monga anacitira ena mu 1997. Abzale ndi mvula yoyamba yokhathamiritsa nthaka, mbali ina ya munda aikemo cimanga cocha msanga, ina mapira, khobwe kapena cinangwa, ndipo mapesi a caka catha asatenthedwe, koma aphimbe nthaka kuti isunge cinyontho.