Kuocha Nyama pa Moto wa Gasi: Mau kwa Alimi a ku Petauke ndi Nyimba



Ali yense woyenda mu mseu waukuru wa ku Lusaka, kucokera ku Petauke kupyola Nyimba mpaka ku Kacholola, amaona matumba a makala atandanda m'mbali mwa mseu. Thumba liri lonse ndiyo mitengo imene inagwa. M'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anasowa, anthu a m'matauni anathamangira makala koposa kale. Koma mlimi adziwa kuti mitengo ikatha, mvula ikokolola nthaka, bowa ndi uci zisowa, ndipo amai ayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni.

Cifukwa cace ndifuna kunena za citofu ca gasi coocherapo nyama, nsomba ndi cimanga, cimene cingathe kulowa m'malo mwa mbaula, makamaka kwa inu ogulitsa nyama yoocha pamsika. Moto wace uyaka nthawi yomweyo, ulibe phulusa, ndipo nchito ikatha muuzima osataya kanthu. Komatu gasi ali ndi malamulo ace, ndipo safunsa anadya phula.

Coyamba, gasi alemera koposa mpweya umene tipuma. Akapulumuka m'botolo sakwera ngati utsi, koma atsika nakhala pansi kudikira moto. Motero ocherani panja popita mphepo, kutali ndi denga la udzu, nkhokwe ndi ana. Musasunge botolo m'nyumba yogonamo.

Caciwiri, botolo likhale ciriri nthawi zonse, pamthunzi, pakuti gasi wa m'kati mwace ali ngati madzi. Mukaligoneka, madziwo afika kucitofu ndipo moto ulilima.

Cacitatu, mukamanga paipi pabotolo, pakani madzi a sopo polumikiza ponse. Mukaona thobvu lirikutukusira, pamenepo gasi alikuturuka. Tsekani, mangani bwino, ndipo paipi yong'aluka muitaye. Musayese konse ndi macesi.

Cacinai, poyatsa yambani mwabvundukula cibvundikiro ca citofu, yatsani macesi, ndipo pambuyo pace tsegulani gasi. Moto ukakana, tsekani, dikirani mphindi 5, ndipo yesaninso. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo. Ukafiira ndi kudetsa zitsulo, ndiye kuti mabowo atsekeka ndi mafuta kapena tizirombo. Tsukani citofu masiku onse, cifukwa mafuta a nyama akaunjikana agwira moto.

Cacisanu, pomaliza tsekani botolo poyamba, citofu pambuyo. Fungo loipa la gasi analiikamo dala kuti likucenjezeni. Mukalimva, zimani moto uli wonse pafupi, ngakhale fodya, tsekani botolo, ndi kucotsapo anthu.

Sindikubisirani kuti kugula botolo ndi citofu poyamba kufuna ndalama zambiri, ndipo podzazitsa gasi ndi patali kwa ambiri a inu. Amene angathe, agule kwa ogulitsa okhala ndi cilolezo ca Energy Regulation Board. Amene sangathe lero, asamale nkhuni ndi kusiya zitsa za m'munda kuti ziphukenso.

Pitani nawo mau awa kumidzi kwanu, mukauzenso anzanu amene sanabwere.