Nsima yathu inachokera kuti?

Lero tikambirane za chakudya chimene chili m'mbale mwathu.

Tikamayenda m'midzi kulimbikitsa mbatata yofiira mkati, ena amatiyankha kuti, "Iyo ndi ya azungu, makolo athu sankadya." Chabwino. Koma ndikufunseni: kodi chimanga chimene mwakonola m'mawa uno kwawo ndi kuti?

Chimanga kwawo ndi ku Mexico, kutsidya la nyanja yaikulu. Chinafika ku Africa pa zombo zaka pafupifupi 500 zapitazo, nthawi imene Apwitikizi ankayenda m'magombe athu. Chisanafike, makolo ankaphika nsima ya mapira, mawere ndi mchewere, ndiwo zake khobwe kapena nzama. Izi ndiye mbewu zobadwira mu Africa muno. Chinangwa chinachokera ku Brazil. Mtedza, tomato ndi tsabola nazonso n'za ku America. Kachewere amene amadzaza magalimoto ku Angónia ndi ku Tsangano kwawo ndi kumapiri a ku Peru. Nandolo ndi wa ku India. Ngakhale mbatata yoyera imene mumati ndi ya makolo ndi mlendo wa ku America, ndipo dzina lake tinabwereka kwa Apwitikizi, amene amati batata.

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani ya umoyo yagona pano. Mbewuzi zinabwera, koma kaphikidwe ka eni ake kanatsala konko.

Anthu a ku Mexico amawiritsa chimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa asanachipere. Akatero, vitamini ina yomangika m'chimangamo imamasuka, thupi n'kuilandira. Ife sititero. Choncho munthu wodya nsima ya chimanga tsiku ndi tsiku popanda ndiwo zokwanira amadwala chiwawu. Khungu la pakhosi ndi kunja kwa manja limada ndi kusweka ngati lapsa ndi moto, amatsegula m'mimba, kenako mutu umasokonezeka. Akuluakulu amene munathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo mukukumbukira. Mu 1990 mtedza utasowa pa chakudya cha m'misasa, anthu athu zikwizikwi anadwala matendawa, pamene ufa unalipo ndithu. Sindikunena kuti muziwiritsa chimanga ndi phulusa ayi. Mankhwala ake tili nawo kale: nsinjiro m'masamba, nyemba, khobwe, usipa, dzira. Vuto ndi lakuti mtedza timagulitsa wonse kwa mavenda pamalire, mpaka wa phala la mwana.

Chinangwa nacho chili ndi lamulo lake. Chowawa chija chili ndi poizoni. Eni ake ku Brazil ankachikwecha, kuchifinya madzi onse, ndi kuchikazinga. Kwathu kuno, mu 1981, chilala chitagwa ku Nampula anthu anadya chinangwa chowawa chosakonza bwino chifukwa cha njala. Ambiri, makamaka amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi, ndipo kulumala kumeneku sikuchira. Ndiye amayi, chinangwa chowawa musende, muviike m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, mutaye madziwo, muyanike chiume gwa, kenako musinje. Njala ikakula musafupikitse masiku. Mwana amene akulira lero mungamupatse china, koma miyendo simungamubwezere.

Tibwerere ku mbatata yofiira ija. Mtundu wakewo ndi chizindikiro cha vitamini A, amene amathandiza maso ndi kuteteza mwana ku matenda. Yoyera ilibe. Mwana wosowa vitaminiyu amavutika kuona kukada, ndipo chikuku chikamugwira chimamupweteka kwambiri. Kambatata kamodzi kowiritsa patsiku kamamukwanira mwana wamng'ono. Wa miyezi isanu ndi umodzi kupita mtsogolo mukhoza kumuponderera n'kusakaniza m'phala, n'kuthiramo nsinjiro, uku akuyamwabe. Ena amadandaula kuti ndi yofewa, siikhutitsa ngati yoyera. Abambo idyani yoyerayo, palibe mlandu, koma mizere ingapo m'dimba isiyireni ana. Masamba ake ndi kholowa yemweyo.

Mbewu yake funsani kwa alangizi a zaulimi kapena kwa mnansi amene anabzala kale, ndipo muisunge kudimba m'chilimwe kuti isaume. Mukaona khungu la wina pakhomo likuda pakhosi ndi m'manja monga ndafotokozera, musadikire, pitani naye kuchipatala sabata lomwelo.